Akuluakulu ndi M'dambo Mozimira Moto: Nanga Dambolo Likauma?

Kuno ku Kasungu dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Nyenje zikuyamba kulira tisanamwe ndi phala lomwe, akavuluvulu akuvina m'minda imene ikudikira fodya, ndipo madzulo utsi wa moto wa m'tchire ukuphimba phiri la Kasungu mpaka kulisandutsa chithunzithunzi. Mvula ya chizimalupsa sidagwebe. Ino ndiyo nyengo imene mbale ya ndiwo imaulula banja limene lili ndi dimba ndi limene lilibe.

Mwambi wa lero ngwodziwika: "Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto." Ndidauphunzitsa kwa zaka zoposa 30, ndipo ana ankayankha bwino pa mayeso kuti mkangano ukabuka pakati pa anthu umakathera kwa akulu, amene amauziziritsa ndi mawu ofatsa. Yankho limenelo ndinkalichonga, chifukwa nlolondola. Koma pali funso limene sindinkawafunsa: kodi moto umazimiranji m'dambo? Sabata yatha ndidafunsa mdzukulu wanga wa Sitandade 7. Adandiyang'ana modabwa, nati, "Agogo, moto suzima m'dambo, umangowoloka." Mwanayo sadaname. Wauona kawiri ukuwoloka dambo lathu, ulendo wina nkunyambita mpanda wa dimba la amayi ake.

Makolo adapeka mwambiwu ataona ndi maso. Osaka mbewa akayatsa tchire mu Seputembala, moto unkathamanga ndi mphepo kumtunda konse, koma ukafika kumene udzu udali wauwisi ndi nthaka yachinyontho, unkafooka nkuzima wokha. Tsono lero ndifuna kusiya kaye tanthauzo lobisika, ndikambe za dambo lenilenilo ndi za dimba limene limadalira dambolo m'miyezi yowawa ino. Maganizo anga sindiwazungulira: m'chilimwe, tikachotsa madzi akumwa, madzi oyamba a pabanja ayenera kupita ku dimba la ndiwo, nazale ya fodya ibwere pambuyo. Ndikudziwa kuti kunena zotere ku Kasungu kuli ngati kutsutsa mfumu pabwalo pake. Mundimvere kaye mpaka ndimalize.

Kwa inu amene mudabadwira m'tauni kapena kunja, ndifotokoze pang'ono za dziko lathu. Kasungu ndi chidikha chachikulu, chokwera mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Mvula imagwa kuyambira kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala mpaka Malichi kapena Epulo, kenako kumwamba kumatseka kwa miyezi 6 kapena 7. Nthaka ya kumtunda njamchenga, yokondedwa ndi fodya ndi mtedza, koma yosasunga madzi. Mitsinje ikuluikulu monga Bua ndi Dwangwa imapirira, ngakhale imaphwa kwambiri. Timitsinje tating'ono timaleka kuyenda pofika Ogasiti, nkutsala maiwe apa ndi apo. Chimene chimatisunga ndi dambo. Mvula ikagwa kumtunda pamene pali mitengo ndi udzu, siithamanga. Imalowa pansi nkumatsetsereka pang'onopang'ono mkati mwa mchenga, mpaka kukafika kuchigwa kumene dothi lamakande limaigwira. Dambo lili ngati chinkhupule: limamwa m'dzinja, nkumalavula m'chilimwe. Madzi amene mayi akutunga pachitsime cha m'dimba mu Okutobala ndi mvula ya Febuluwale imene yakhala ikuyenda mobisala miyezi yonseyi. Palibe amene amawonjezerapo dontho kufikira mvula ina itagwa.

Amayi anga, amene sadapondepo m'kalasi, ankadziwa zimenezi kuposa ife amene tidapita ku koleji ya aphunzitsi. Dimba lawo silinkakhala malo amodzi chaka chonse, linkatsata madzi. Mu Meyi, dambo likadali lonyowa kwambiri, ankaunda mitumbira m'mphepete, kumtunda pang'ono, nkudzalapo nyemba, mpiru ndi chimanga, kuti mizu isaole ndi chinyezi. Chisanu chikatha, ankatsikira mkati. Pofika mwezi uno ankakhala atasonkhanitsa zonse pafupi ndi chitsime, ndipo m'malo mwa mitumbira ankakumba timaenje ndi timabedi tolowa pansi, kuti madzi akathira asathawe. Dimba la Okutobala linkakhala laling'ono kuposa la Juni. Tsiku lina ndidawafunsa chifukwa chimene ankasiyira malo ena osalima pamene mbewu idalipo. Adandiloza chitsime, nati ndiyang'ane m'mene madzi atsikira, kenako ndiyang'ane mikono yawo.

Ife ku koleji adatiphunzitsa zina. Adatiphunzitsa mabedi okwera, oyezedwa ndi chingwe, odzalamo kabichi, karoti ndi repu m'mizere yowongoka, ndipo bonongwe akamera pakati pake tinkauza ana kuti azule chifukwa ndi udzu. Sindikunyoza aphunzitsi anga. Mbewu zimenezo nzabwino m'nyengo yake. Koma kabichi, repu ndi tchayinizi ndi mbewu za kumalo ozizira. Kuno zimakondwa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Kutentha kukapitirira madigiri 30, monga kumachitira mu Okutobala ndi Novembala, masamba ake amalimba, nsabwe za m'masamba zimaswana ngati mchenga, timbozi timaboola kabichi mpaka kusanduka sefa, ndipo mpiru umathamangira kuchita maluwa usanapereke masamba okwanira. Tomato naye amayoyola maluwa kukatentha mopitirira, ndipo kangaude wofiira, amene amakonda fumbi ndi kuuma, amamuyanika ali chiimire.

Onani tsono mbewu zimene tinkazitcha zachimidzi. Bonongwe amasangalala ndi dzuwa limene likupha repu, ndipo pakatha masabata atatu kapena anayi mwayamba kale kuthyola. Therere lobala limafuna kutentha kuti libereke. Khobwe amazika mizu pansi kwambiri ndipo amapatsa chitambe ngakhale madzi ali ochepa. Kholowa amayanga nkudziphimbira yekha nthaka. Nkhwani wa m'dimba amabwera pamene wa kumunda adaiwalika kalekale, ndipo pamsika wa Kasungu kapena wa Chamama sachedwa kutha. Luni sapempha zambiri. Amayi anga ankadzala zonsezi mosakaniza, mosayang'ana mizere, ndipo alangizi a nthawi imeneyo ankapukusa mitu. Lero alangizi ndi anthu a zaumoyo akutiuza kuti masamba obiriwira kwambiri ngati amenewa ndiwo othandiza magazi ndi maso a ana. Ndimamwetulira ndikamva pa wailesi, koma ndi manyazi pang'ono, pokumbukira bonongwe amene ndidazulitsa ana a eni ake.

Kathiridwe nakonso kali ndi nzeru yake, ndipo apa ndi pamene achinyamata ambiri amataya madzi. Kuwaza pang'ono pamwamba kangapo pa tsiku kumanyenga mbewu: mizu imakhalira pamwamba kudikira madontho, ndipo tsiku limene mwadwala kapena mwapita kumaliro, zonse zimagwa. Thirani mokwanira, madzi alowe pansi, mizu iwatsate. Thirani dzuwa litapepa kapena mbandakucha, patsinde, osati pamasamba. Mukatero phimbirani ndi udzu wouma kapena mapesi, chifukwa nthaka yamaliseche imaphika mizu ndi kutaya chinyontho tsiku lomwelo. Ikani dzanja pansi pa udzu masana, kenako muliike pa nthaka yosaphimbira, mudzamva nokha kusiyana kwake. Manyowa a m'khola owolerana amagwira madzi kuposa feteleza, amene m'nthaka youma amangowotcha mbewu. Mbande zongowokedwa kumene zimafuna kachisakasa ka udzu kwa masiku angapo. Ndipo mpanda ukhale wolimba, pakuti m'chilimwe mbuzi ndi ng'ombe zimatayiriridwa, ndipo m'dziko lonse louma chobiriwira chimene zikuona ndi dimba lanu lokha.

Zonsezi nzotheka ngati madzi alipo. Vuto lathu ku Kasungu nlakuti mwezi umene dimba likufuna madzi kwambiri ndi womwewo umene nazale ya fodya ikuwafuna. Fodya amafesedwa cha mu Seputembala kuti mbande zikhale zokonzeka kuwokedwa mvula ikayamba. Njere yake njaying'ono ngati fumbi, imakhala pamwamba penipeni pa nthaka, ndipo masabata oyamba bedi siliyenera kuuma ngakhale pang'ono. Limathiridwa kangapo pa tsiku. Nazale imeneyi siikhala kumtunda. Imatsikira kudambo, pafupi ndi chitsime chomwe chija.

Kale mkangano umenewu sudali m'nyumba iliyonse. M'zaka za m'ma 1970, pamene maesiteti adachuluka m'boma lino ndipo bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority linkaphunzitsa alimi osankhika, malamulo sankalola mlimi wamba wa m'mudzi kulima fodya wa bale. Kuyambira mu 1990 chitseko chidayamba kutseguka, ndipo pofika pakati pa zaka zimenezo pafupifupi mwamuna aliyense wa khasu adafuna chigafa chake. Zidabweretsa malata, njinga, mawailesi ndi fizi. Zidabweretsanso nazale zambirimbiri m'dambo limene kale linkadyetsa madimba a amayi, ndi nkhwangwa zambirimbiri kumtunda, pakuti chigafa chimafuna mitengo ndipo bani la fodya wowotcha limadya nkhuni usiku ndi usana.

Chaka chatha nkhani imeneyi idandipeza pakhonde. Mwana wa mlongo wanga, amene ine ndine nkhoswe yake, adafika m'mawa atanyamula mtolo wa bonongwe wofota, nauika pansi patsogolo panga osanena kanthu. Nditamufunsa, adati, "Atsibweni, ndabwera kudzakuonetsani ndiwo za adzukulu anu." Dimba limenelo nla mbumba yathu, adalilandira kwa amayi ake, amene adalilandira kwa amayi anga. Mwamuna wake, mkamwini wakhama amene sindidamuonepo ataledzera, adafesa mabedi a fodya kumtunda kwa chitsime. Iye ndi anyamata ake ankalawirira kutunga, ndipo mayiyo akamafika atatha ntchito za pakhomo ankapeza matope okhaokha. Chitsime chinkadzadzanso pang'ono madzulo, ndipo madzulo omwewo makeni a fodya ankabweranso.

Tidakhala pansi, nkhoswe za mbali zonse ziwiri. Mkamwiniyo adalankhula mwaulemu, ndipo mawu ake adali olemera. Adati, "Bambo, nazale ikafa, chaka chonse chafa. Ngongole ya feteleza ndatenga kale. Kodi fizi ya mwana wa Fomu 2 tidzalipira ndi bonongwe?" Mkazi wake adayankha osamuyang'ana, kuti ndalama za fodya wa chaka chathacho zidatha mu Ogasiti, ndipo kuyambira pamenepo mchere, sopo, chigayo ndi makope a ana zonse zidachokera m'dengu limene iye amasenza kupita nalo kumsika. Onse awiri ankanena zoona, ndipo ndicho chimene chidapangitsa mlanduwo kukhala wovuta. Tidagamula kuti m'mawa chitsime nchamayi kufikira atathirira, madzulo nchabambo, ndi kuti mkamwini akumbe chitsime china kumunsi. Adakumba. Adapeza madzi atalowa mpaka m'khosi, pamalo pamene ine ndili mnyamata tinkawapeza titangofika m'mawondo. Mabedi awiri a fodya adapulumuka, limodzi lidapserera, ndipo kwa miyezi ingapo moni wake kwa ine udali waufupi.

Ndidagamula motero chifukwa cha zimene ndidaona mu 2002. Amene mudali ana simungakumbuke bwino. Zokolola za 2001 zidachepa, chimanga cha m'nkhokwe za dziko chidali chitagulitsidwa, mtengo wa chimanga udakwera kangapo m'miyezi yochepa, ndipo mu Febuluwale 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Kasungu, boma la fodya, lidali limodzi mwa maboma amene adavutika koposa. Anthu adadya madeya, zitsa za nthochi ndi mizu ya kutchire. Matenanti amene adachokera kutali kudzalima fodya m'maesiteti adapezeka opanda chakudya ndi opanda njira yobwererera kwawo. M'kalasi mipando inkachepa anthu sabata ndi sabata, ndipo ena mwa ana amenewo sadabwerenso. Sindikunena kuti dimba lidathetsa njala imeneyo. Njala ya Januwale ndi Febuluwale njaikulu kuposa dimba. Koma mabanja amene adali ndi chimanga cha m'dimba chokhwima mu Novembala ndi Disembala, amene adali ndi mbatata kudambo ndi zikwatu za mfutso padenga, adalowa m'miyezi yoipayo ali ndi mphamvu ndiponso asanagulitse mbuzi ndi ziwiya zawo. Boma nalo lidazindikira zimenezi, ndipo m'zaka zotsatira tidaona mbewu za ulimi wa m'chilimwe ndi mapampu opalasa ndi miyendo zikugawidwa m'midzi. Chilala chidabweranso mu 2016, nkubweranso mu 2024, pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino. Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chaimba kale katatu tikumva.

Pali mwambi wina umene umatchula fodya weniweniyo: "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo." Makolo ankanena za fodya wofwenkha, kuti chimene uli nacho motsimikiza nchimene walowetsa kale, osati chimene ukuyembekeza. Ndimauganizira mwambiwu ndikaona mabelo akudikira pa msika wa Chinkhoma. Fodya wofesedwa mu Seputembala amabweretsa ndalama cha mu Epulo, Meyi kapena Juni, ngati mvula yagwa bwino, ngati matalala sadamuboole, ngati ogula sadamubweze, ndipo ngongole ikadulidwa. Mtengo wake umakambidwa m'madola ndi anthu amene sadaonepo dambo lathu. Chaka china umakoma, alimi nkuchulukitsa. Chaka chotsatira fodya amachuluka, mtengo nkugwa. Maiko ambiri akulimbana ndi kusuta, ndipo mu 2023 dziko la Malawi nalo lidalowa m'pangano la bungwe la zaumoyo la WHO lochepetsa kusuta fodya. Bonongwe wofesedwa tsiku lomwelo la Seputembala amakhala m'mbale mwezi usanathe, ndipo wotsala amasanduka mchere tsiku lomwe wathyoledwa. Ndalama yake njochepa, koma imabwera sabata iliyonse, ndipo imagwera m'dzanja la munthu amene amadziwa kuti m'nyumba mwatha chiyani.

Wina anena kuti mkuluyu akulankhula chifukwa amalandira penshoni. Ndivomere: ana anga awiri adaphunzira ndi ndalama ya fodya amene ndinkalima kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi, ndipo malata a nyumba imene ndikulemberamo ino sadagulidwe ndi therere. Dziko lathu likupezabe gawo lalikulu la ndalama zakunja kuchokera ku fodya. Sindikuuza munthu kuti asiye. Dimba nalo lili ndi zowawa zake: aliyense akadzala tomato nthawi imodzi, madengu amaolera pamsika, wogula wa pa njinga amatchula mtengo umene akufuna chifukwa akudziwa kuti masamba sagona, ndipo kusenza makeni awiri kuchokera pachitsime maulendo makumimakumi, dzuwa lili pamutu, kumathyola msana. Chimene ndikukana ndi chizolowezi chakuti fodya ndi ulimi, dimba ndi masewera a amayi, kotero kuti madzi akachepa palibe ndi kukambirana komwe za amene ayambe kutunga. Mlimi afese mabedi olingana ndi madzi amene atsala dimba litamwa, monga momwe amayi anga ankachepetsera dimba lawo poyang'ana chitsime. Ambiri amafesa mopitirira, nkudzataya mbande zotsala mu Disembala, zitamwa kale madzi amene akadakulitsa ndiwo za miyezi iwiri.

Ndisanaloze ena chala, ndiulule mlandu wanga. M'zaka za m'ma 1980, pa tsiku lodzala mitengo limene nthawi imeneyo linkachitika mu Januwale chaka chilichonse, ine monga mphunzitsi wamkulu ndidatsogolera ana kukadzala bulugama kumutu kwa dambo lina, pafupi ndi kasupe. Ndidasankha malowo dala, chifukwa padali chinyontho ndipo ndinkafuna kuti mitengo igwire yonse, oyendera sukulu adzayamikire. Idagwiradi. Gogo wina wa m'mudzimo adandiimitsa panjira, nati, "Aphunzitsi, mtengo uwu ngwaludzu, pamenepa mpa mkuyu ndi katope." Ndidamuthokoza mwaulemu wa munthu wophunzira amene sakumva. Patatha zaka ngati 10 kasupeyo adayamba kuuma mu Seputembala, ndipo amayi a madimba a kumunsi adayamba kukumba mozama. Sindinganene kuti bulugama yekha ndiye adaumitsa, pakuti nthawi yomweyo nkhalango ya kumtunda inkathera m'mabani ndi m'mauvuni a njerwa. Koma mtengo wokula msanga, wosayoyola masamba m'chilimwe, umamwa tsiku lililonse, ndipo ine ndidaudzala pakamwa pa kasupe. Bulugama ngwabwino pa milimo ndi nkhuni. Malo ake ndi kumtunda. Gogoyo adamwalira ndisanamuuze kuti adalondola. Mawu a akulu akoma akagonera, koma awa adagonera mpaka mwini wake kugona.

Masiku ano kwabwera china. Keni idaloledwa m'malo ndi pampu yopalasa, ndipo tsopano tikuona mapampu a petulo ndi ena oyendera mphamvu ya dzuwa. Ndimawayamikira, chifukwa ndaona misana ya amayi athu. Koma keni idali ndi malire ake: munthu ankatopa madzi asanathe. Pampu siitopa. Munthu mmodzi wa ndalama, amene ali kumtunda kwa mtsinje, angathe kupopa dziwe lonse m'mawa umodzi, anzake khumi a kumunsi nkutsala akuyang'ana nkhanu zikuyenda pamatope. Mwambo wathu wakale sudakonzekere makina otere, chifukwa sudawaone. Udali ndi malamulo a mbuzi yolowa m'dimba, a malire a mitumbira, a mitengo ya pakasupe imene sinkadulidwa. Lamulo la pampu tiyenera kulipanga ife.

Pali chinanso chimene alimi a fodya ndi a dimba ayenera kudziwa, popeza amagawana nthaka imodzi. Fodya, tomato, mabiringanya ndi tsabola ndi a banja limodzi, ndipo amadwala matenda ofanana. Pamalo pamene padali nazale ya fodya pamatsala tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu ngati mikanda. Mukadzalapo tomato kapena therere, amafota masana ngakhale mwathirira bwino, inu nkumaganiza kuti madzi achepa. Zulani chitsinde chimodzi muone mizu. Matenda ena a mawangamawanga amayenda ndi manja, kotero wogwira fodya, ngakhale gogo wofwenkha, asambe ndi sopo asanagwire tomato. Pamwamba pa izi padabwera kambozi kotchedwa Tuta absoluta, kochokera ku South America, kamene kadafika ku Spain mu 2006 nkufalikira mpaka kuno. Kamalowa mkati mwa tsamba ndi chipatso, ndipo kutentha kumakachulukitsa. Poopa zimenezi ena akutenga mankhwala a fodya nkupopera ndiwo, mawa lake nkukagulitsa, ndipo makeni a mankhwalawo akutsukira pachitsime chomwe ana amamwa. Izi ndiye ndikuzikana kotheratu. 

Tsono akuluakulu achite chiyani, ngati akufunabe kutchedwa dambo? Kudikira kuti mayi abwere ndi mtolo wa bonongwe wofota, monga ndidachitira ine, nkuchedwa. Nkhani ya madzi a m'chilimwe iyenera kukambidwa pabwalo mu Ogasiti, fodya asanafesedwe, mfumu ili pompo, ndipo amayi a madimba alankhule okha, osati kudzera mwa amuna awo. Anthu ayendere dambo limodzi, aone m'mene zitsime zatsikira poyerekeza ndi chaka chatha. Agwirizane kuti chitsime chakumwa chili pati ndipo pasayandikire mankhwala. Kuti nazale zikhale kumunsi kwa madimba. Kuti mwini pampu apope masiku ati ndi maola angati. Kuti kumutu kwa dambo kusalimidwe, kusaumbidwe njerwa, ndipo kubwerere mikuyu, katope ndi bango. Chindapusa cha wophwanya chidziwike mlandu usanachitike. Mafumu athu, kuyambira kwa Kaomba ndi kwa Mwase mpaka kwa Wimbe, kwa Santhe ndi kwa Kaluluma, amaweruza kale milandu ya malire a minda ndi ya ziweto; madzi a m'dambo si nkhani yachilendo pabwalo lawo. Sizifuna ndalama za bungwe lililonse. Zifuna kuti amuna amene amakhala pa mipando, amene ambiri a iwo ali ndi nazale zawo m'dambo momwemo, avomere kudziikira malire okha. Pamenepo ndiye pali povuta, ndipo m'mudzi mwathu chaka chino tidakambirana mpaka dzuwa kulowa, nkugwirizana ziwiri zokha: za chitsime chakumwa ndi za masiku a pampu. Za malo a nazale tidalephera.

Kwa inu adzukulu amene muli ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Johannesburg, amene mumatumiza ndalama ya feteleza chaka ndi chaka: ulendo uno mukaimba foni, mufunsenso za dimba. Funsani amayi anu kuti chitsime chafika pati, mpanda uli bwanji, mbewu ya bonongwe ndi ya khobwe adasunga kapena ayi. Keni yatsopano njotsika mtengo kuposa thumba limodzi la feteleza. Ndipo amene mubwere pa tchuthi cha Khirisimasi, mubwere ndi nsapato zoti zidetsedwe. Bulugama uja wa pakasupe tidagwirizana ndi a mfumu a kumeneko kuti adulidwe, mitengo yake ikakhale milimo ya sukulu, ndipo ine ndafesa katope m'machubu 60 kuseri kwa nyumba, amene ndikuthirira ndi madzi otsukira mbale. Mvula ikakhazikika tikawoka. Maondo anga salolanso kukumba, choncho maenje ndi anu.